Musadikire lipoti la tsiku lotsekera sukulu

 Lero sindikamba za mimba kapena katemera. Ndikufuna tikambirane za kapepala kamodzi kamene kamalowa m'nyumba zathu mwezi wa Julaye, mwana atakapinda kanayi n'kukabisa m'thumba la kabudula. Ndikunena sukulu lipoti ya kumapeto kwa chaka.

Tonse tikulidziwa tsiku lotsekera sukulu. Ana amalawirira atatchena, ena atanyamula mpunga m'kontena. Amasonkhana pabwalo, ahedi n'kulankhula, kenaka mayina n'kuyamba kuitanidwa kuyambira nambala wani. Okhoza amabwerera kwawo akuthamanga, olephera amazemba n'kudzera njira zakuseri. Dzuwa likamafika paliwombo makalasi amakhala atakiyidwa, aphunzitsi ena atakwera kale minibasi. Kholo likamatsegula lipotilo madzulo n'kupeza mawu oti mwana abwereze kalasi, palibenso woti limufunse. Mwezi wonse wa Ogasiti pasukulu pamakhala zii, ndipo pomadzatsegulira mu Seputembala nkhani imakhala idagamulidwa kalekale.

Ndiye kholo lichite chiyani ndi mkwiyo wake? Nthawi zambiri umathera pa mwana. Ine ndikudziwa chifukwa ndidachitapo.

Zidandichitikira ine namwino

M'zaka zija chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale n'kutha mu Novembala, boma lisadabwezeretse kalendala yoyambira mu Seputembala m'chaka cha 2010, mwana wanga wachiwiri adali mu Sitandade 5. Ine n'kuti ndikugwira ntchito ya usiku kuwodi ya amayi oyembekezera. Malipoti a teremu yoyamba ndi yachiwiri ndidangowayang'ana mothamanga. Ndidaona kuti malikisi atsika, ndidamukalipira pang'ono, n'kusaina, basi. Mumtima ndinkati ndi chibwana cha mpira, chitha chokha.

Tsiku lotsekera chaka adafika mochedwa, n'kuika lipoti patebulo osandiyang'ana kumaso. Walephera, abwereze. Pamalo a ndemanga aphunzitsi adangolemba timawu tachingerezi totanthauza kuti alimbikire. Ndidapsa mtima, ndidamumenya, ndipo ndidamuuza mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Lolemba lotsatira ndidapita kusukulu kuti ndikamve bwino, koma ndidangopeza alonda.

Aphunzitsi ake ndidakumana nawo mu Januwale, mwana atayamba kale kubwereza. Iwo adandiuza modekha kuti: "Mayi, mwana wanuyu akafunsidwa pakamwa amayankha bwino. Koma zolemba pabolodi amakopera zolakwika, ndipo nthawi zambiri amasuzumira m'kope la mnzake. Ndinkaganiza kuti inu, poti ndinu a kuchipatala, mukudziwa kale."

Madzulo ake ndidalemba zilembo papepala, n'kuima nalo patali. Mwana adatsinzina, adapendeketsa mutu, adalephera kuwerenga. Nditamufunsa chifukwa chimene sadanenere, adati: "Amayi, ine ndimaona ngati aliyense amaona chonchi." Kuchipatala adapeza kuti saona patali, ndipo adamupatsa magalasi. Poti adali wamtali, chaka chonse adakhala kumbuyo kwa kalasi akuyang'ana bolodi losaoneka. Chaka chobwerezacho adakhoza bwino, koma chaka chotayika chija sichidabwerere, ndipo anzake adamusiya.

Aphunzitsi adaona vuto, ine ndidali ndi nzeru yolithetsera, koma sitidakumane mpaka madzi atatayika. Mphindi khumi zokha za kucheza mu teremu yoyamba zikadapulumutsa chaka chonse.

Phunziro la kusikelo

Amayi nonse mukuidziwa khadi ya kusikelo. Mwana timamuyeza mwezi ndi mwezi, n'kumalemba kadontho pamzere. Mzere ukaleka kukwera, sitidikira kuti akwanitse zaka zisanu ndiye tikuuzeni kuti mwana wanu sadakule bwino. Timakukhazikani pansi tsiku lomwelo n'kufunsa zimene akudya, ngati akutsegula m'mimba, ngati akuyamwa. Khadi ija ntchito yake n'kuyambitsa kukambirana nthawi ikadalipo.

Lipoti la kusukulu liyenera kugwira ntchito yomweyo. Likangobwera pa tsiku lomaliza la chaka, mwininkhani atachoka, limakhala ngati chigamulo cha khoti chopanda apilo.

Tisafulumire kunyoza aphunzitsi. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi ambiri adadzaza. M'makalasi a m'munsi si zachilendo kupeza mphunzitsi mmodzi ali ndi ana opitirira 100. Mayeso akalembedwa masabata omaliza, iye ayenera kuchonga mapepala onsewo phunziro ndi phunziro, kuwonkhetsa malikisi, kusanja manambala, n'kulemba lipoti lililonse pamanja. N'chifukwa chake ndemanga zimakhala zazifupi, ndipo n'chifukwa chakenso nthawi zina malikisi amawonkhetsedwa molakwika. Munthu wotopa amalakwitsa, ngakhale ife kuchipatala.

Koma tikumbukirenso kuti kubwereza kalasi si nkhani yaing'ono m'dziko muno. Chaka ndi chaka, pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi kapena asanu a kupulayimale amabwereza. Mwana wobwereza kawiri katatu amakulira anzake m'kalasi, amayamba manyazi, ndipo mapeto ake ena amangosiya sukulu. Kwa mtsikana, pakhomo pamayamba kumveka nkhani za banja. Chigamulo cholemera chotere sichiyenera kufika kwa kholo modzidzimutsa.

Yambani ndi teremu yoyamba

M'mera mpoyamba. Mwezi woyamba sukulu itatsegulira, pitani mukadziwane ndi mphunzitsi wa kalasi ya mwana wanu. Musadikire kuitanidwa chifukwa cha mlandu. Musiyireni nambala yanu ya foni, ndipo mumuuze kuti mukufuna kumva msanga ngati pali chovuta.

Lipoti la Disembala muliwerenge mutakhala pansi, osati mutaimirira ndi chikwanje cha Khirisimasi m'mutu. Musamangoyang'ana nambala imene mwana wakhala. Nambala 8 m'kalasi imene ambiri alephera ikhoza kukunamizani. Yang'anani malikisi a phunziro lililonse, ndipo musunge malipoti onse m'envulopu imodzi kuti muzitha kufananitsa, monga timachitira ndi madontho a kusikelo.

Lipoti la teremu yachiwiri ndiye belu lenileni. Teremu imeneyi imagwa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nthawi ya njala, ya malungo ndi ya mitsinje yodzaza, pamene ana ambiri amajomba. Malikisi akatsika apa, sabata yoyamba ya teremu yachitatu mukhale muli pasukulu. Funsani mosabisa: "Aphunzitsi, mmene mukuonera, mwanayu apita kalasi yapatsogolo? Chikumuvuta n'chiyani kwenikweni? Ife kunyumba tithandize bwanji?" Pamenepo mumakhala mudakali ndi miyezi pafupifupi itatu yoti mukonze zinthu.

Samalani kwambiri makalasi awiri. Mu Sitandade 5 maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mwana amene ankakhoza bwino akhoza kugwa mwadzidzidzi. Mu Sitandade 7 ndi momwe mumamangidwa maziko a mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene amatsegula kapena kutseka khomo la kusekondale.

Kamodzi pa sabata tsegulani makope a mwana. Ngakhale inu amene sukulu simudapite nayo patali mukhoza kuona ngati masamba ali opanda kanthu, ngati aphunzitsi akuchonga, kapena ngati madeti akudumphadumpha.

Zoti mukapemphe kumsonkhano wa makolo

Misonkhano ya PTA isamangokhala ya ndalama za chitukuko ndi njerwa. Imikani dzanja mupemphe zinthu zitatu. Choyamba, kholo la mwana aliyense amene akuoneka kuti angabwereze lidziwitsidwe pofika kumayambiriro kwa teremu yachitatu, kaya ndi kakalata kaya ndi uthenga wa pafoni. Chachiwiri, malipoti a kumapeto kwa chaka azituluka kutatsala masiku angapo kuti sukulu itsekere. Chachitatu, pakhale tsiku limodzi loti makolo abwere kudzaona mapepala a mayeso ndi kucheza ndi aphunzitsi. Zonsezi sizifuna thumba la simenti, zimangofuna kugwirizana. Ngati masiku ali ochepa, makolo a m'komiti ya sukulu akambirane ndi ahedi momwe mayeso angayambire msanga pang'ono.

Inu amene ana anu ali kusukulu zolipira, funsiranitu ngati lipoti limagwidwa chifukwa cha ngongole ya fizi. Ngati ndi choncho, pitani mukakambirane nthawi ikadalipo, kuti mungomva ndi pakamwa pokha momwe mwana wachitira.

Lipoti likafika ndi nkhani yoipa

Tsiku lotsekera, ngati n'kotheka, mmodzi wa inu apite kusukulu ndi mwana. Mukatero mudzatsegula lipoti aphunzitsi akadali pomwepo. Ngati pali chosamveka, pemphani mwaulemu kuona mapepala ake ndipo muwonkhetse nokha malikisi. Mukapeza cholakwika, kambani ndi mphunzitsi wa kalasi poyamba, kenaka ahedi. Zikakanika pali komiti ya sukulu, komanso mlangizi wa sukulu za m'deralo amene timangomutchula kuti a PEA, yemwe amapezeka ku TDC. Osapita ndi chipongwe, chifukwa mwana wanu adzakhalabe m'manja mwa anthu omwewo.

Koma ndikuchenjezeni. Kufunsa si kukakamiza kuti mwana akwezedwe kalasi. Ndaonapo makolo akusamutsa mwana kupita naye sukulu ina kuti akamulembetse kalasi yapatsogolo, pamene kuwerenga kukumukanika. Kumeneko n'kuphimba bala ndi bandeji musadalitsuke. Nthawi zina kubwereza ndiye mankhwala oyenera, bola mudziwe chimene chidalakwika kuti chaka chachiwiri chisafanane ndi choyamba.

Kunyumba, usiku umenewo musagamule kanthu. Mwana adye nsima monga mwa masiku onse. Kumumana chakudya, kumukwapula kapena kumuyerekeza ndi mng'ono wake pamaso pa alendo sikuwonjezera malikisi. Kumangomuphunzitsa kubisa lipoti kapena kusintha manambala ndi cholembera chaka chamawa. Mwana akakhala duu masiku angapo, osadya, osasewera, kapena akamalankhula zoti kuli bwino kufa, musazitenge ngati nthabwala. Khalani naye pafupi ndipo mupite naye kuchipatala.

Abambo ndi amayi, musasandutse lipoti chibonga chomenyerana. Mawu oti "watengera kwanu" kapena "iwe umangokhala osamuyang'anira" mwana amawamva ali kuchipinda. Abambo, sukulu ya mwana si ntchito ya amayi okha. Kugula yunifolomu n'kwabwino, koma nanunso mphunzitsi akudziweni nkhope.

Holide ndi nthawi yoyeza thupi

Musanamutche mwana waulesi, yambani mwaona thupi lake. Lembani zilembo zazikulu ngati za pabolodi, muime mapazi asanu ndi limodzi akuluakulu kuchokera pamene wakhala, atseke diso limodzi kenaka linalo. Akamatsinzina, akamadandaula mutu, kapena akamakonda kukhala pafupi kwambiri ndi TV, pitani naye akamuyeze maso. Muitaneni motsitsa mawu muli kumbuyo kwake. Khutu lotuluka mafinya kawirikawiri limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo mwana wosamva bwino amaoneka ngati wamwano. Yang'anani zikhatho ndi m'kati mwa zikope. Zikayera, mwina magazi ndi ochepa chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba kapena kusowa zakudya, ndipo mwana wotere amasinza m'kalasi. Inu okhala kufupi ndi nyanja, mitsinje ndi madambo, mufunseni ngati mkodzo wake umatuluka ndi magazi, chifukwa likodzo lili ndi mankhwala. Mtsikana wotha msinkhu amene amajomba masiku angapo mwezi uliwonse, mayi kapena azakhali acheze naye pambali. Mwina akusowa zovalira kapena akuvutika ndi cham'mimba. Amayi a m'magulu a Mother Group pasukulu amathandizanso pa nkhani zotere.

Pomaliza mufunseni mwanayo mwini wake, mofatsa, muli awiri. Mwina pali amene akumuzunza panjira, mwina amapita ndi njala, mwina ntchito za pakhomo zikumuchulukira.

Mwana wanga uja lero ndi bambo wa ana awiri, ndipo magalasi amavalabe. Chaka chatha mdzukulu wanga atayamba Sitandade 1, ndidamva kuti bambo ake adapempha tchuthi cha theka la tsiku kuntchito, sabata yachiwiri yeniyeni, kuti akaonane ndi aphunzitsi. Nanunso ana anga, sukulu ikatsegulira chitani chimodzimodzi. Safunsa adadya phula.