Vaneti ikakana chitunda, vuto si nambala ya petulo

Dzuwa lisanatuluke, mavaneti amakhala atafola kale pa Soweto Market mu Lusaka, atasenza mabokosi a tomato mpaka masipuling'i kuwongoka. Ena amakatenga matabwa ku Buseko, ena mageti ndi mafelemu a mawindo kwa owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga. Galimoto yopangidwira tani imodzi imapatsidwa tani ndi theka, n'kuyembekezeka kudutsa m'maenje a ku Kanyama osadandaula. Ikatopa, dalaivala amapita nayo kwa makanika wa pansi pa mtengo ku Matero kapena ku Chawama ndi pempho lodziwika: "Amdala, ikwezeniko pang'ono, siikukoka."

Madalaivala amene anafikapo ku Johannesburg amabwerako ndi maganizo akuti chinsinsi chili pa pampu, chifukwa kumeneko munthu amasankha pakati pa petulo wa 93 ndi wa 95. Ku Zambia chisankho chotere palibe kwenikweni. Bungwe la Energy Regulation Board (ERB), limene mu 2022 linayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, limatchula mtengo umodzi wa petulo, ndipo mtengowo ndi womwewo ku Mtendere ndi ku Chipata.

Ndipo ngakhale 95 akanakhala ndi pampu yakeyake, mavaneti ambiri sakanapindula naye. Nambala imeneyi, yotchedwa octane, siyeza mphamvu. Imayeza kupirira kwa petulo: kuti angafinyidwe motani m'silinda asanaphulike yekha, moto wa pulagi usanamufike. Akaphulika yekha, mumamva kaphokoso konga misomali m'chitini, makamaka mukaponda mafuta pachitunda muli m'giya yapamwamba. Phokosolo likapitirira kwa miyezi limadya m'mphepete mwa pisitoni ndi kuwotcha gasiketi. Injini yofinya kwambiri, kapena ya turbo, imafuna nambala yaikulu. Koma 2TR-FE ya malita 2.7 ya mu Toyota Hilux inapangidwira petulo wa 91, ndipo 3Y ndi 4Y zakale zija n'zosasankha kuposa pamenepo. Kuzimwetsa zodula n'kutaya makwacha basi. Timabotolo ta octane booster timene timadzaza m'mashopu a masipeya nato n'tokayikitsa: tambiri tikalonjeza "mapointi" 10 timatanthauza nambala imodzi yokha, kuchoka pa 91 kufika pa 92.

Chimene chimafooketsa injini mu Lusaka, ambiri sachiganizira n'komwe. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera. Choncho galimoto imene inkathamanga bwino itangotsika sitima ku Dar es Salaam imafika ku komboni ya George itataya mphamvu yopitirira gawo limodzi mwa magawo 10, popanda chilichonse chowonongeka. Kupepuka kwa mpweyaku kuli ndi ubwino wake: m'silinda simupanikizika kwambiri, ndiye petulo wa nambala yochepa amakwanira. N'chifukwa chake ku South Africa 93 amagulitsidwa m'madera okwera ngati Gauteng.

Apa ndi pamene amakanika akale amaonetsera luso lawo, ndiponso pamene amalakwitsira. Pa injini ya kabyuleta, amamasula bawuti ya distributor, injini ikulira, n'kuipotoza pang'onopang'ono khutu lili pafupi, mpaka kulira kukwere ndi kusalala. Moto wa pulagi umayamba kubwera mofulumirirapo, galimoto n'kupepukadi. Mu Lusaka imayenda bwinobwino. Koma tsiku limene mwiniwake wapeza ntchito ya ku Chirundu, kumene kuli mamita pafupifupi 400 okha ndipo kutentha kwa mu Okutobala kumasungunula phula, mpweya umachuluka m'silinda ndipo injini imayamba kugogoda. Pobwerera, atasenza katundu pa zitunda za Kapiringozi, singano ya kutentha imakwera. N'chimodzimodzi pa Manenekera mukamachokera ku mlatho wa Luangwa. Makanika woganiza amayamba wafunsa kumene galimotoyo imayenda ndi zimene imanyamula, kenaka amaika tayimingi ndi tochi yake pa chizindikiro cha fakitale, kapena kupitirira pang'ono chabe. Injini zatsopano zimadziteteza zokha: kachipangizo komva kugogoda kamauza kompyuta kuti ichedwetse moto, mphamvu n'kutsika mwakachetechete, mafuta n'kumatha msanga.

Chimene chimatsitsadi octane m'makomboni ndi chigubu. Mafuta ogula m'mbali mwa msewu nthawi zina amasakanizidwa ndi palafini, ndipo palafini ali ndi octane yochepa kwambiri. Mu 2018 ERB inayamba kuthira chizindikiro chosaoneka ndi maso m'mafuta ovomerezeka kuti osakaniza ndi ozembetsa azigwidwa. Munthu amene amadandaula za 93 ndi 95 koma madzulo akugula malita 5 a m'chigubu chifukwa atsika mtengo ndi makwacha ochepa, akudzinamiza yekha.

Tinene zoona, mavaneti ambiri a ntchito ndi a dizilo, ndipo kwa iwo nkhani ya octane ilibe malo. Dizilo amafunika kuyaka msanga akangopoperedwa, ndipo muyeso wake ndi cetane. Chasintha kwambiri ndi sulphur. Fakitale ya Indeni ku Ndola, yotsegulidwa mu 1973, inkatulutsa dizilo wa sulphur wochuluka. Inasiya kuyenga mafuta, ndipo kuyambira mu 2023 paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam, imabweretsa dizilo woyengeka kale wa sulphur wochepa. Injini za common rail monga D-4D ya Toyota ndi 2.2 ya Ford Ranger zinapumirapo.

Pa Isuzu KB ya 4JA1 kapena Hilux ya 3L ndi 5L, "kukweza" kumatanthauza kuchotsa kachisindikizo pa pampu ndi kutembenuza sikuluwu ya mafuta. Theka la kuzungulira ndi lokwanira kusintha galimoto. Imanyamuka mwaukali, dalaivala n'kumwetulira, kumbuyo utsi wakuda uli tolo! Utsiwo ndi dizilo amene wagulidwa koma sanapse, chifukwa mpweya wa pa mamita 1,280 sunawonjezeke. Wawonjezeka ndi moto pa mapisitoni ndi pa mutu wa injini. (Amene amapuma utsiwo ndi amayi ogulitsa ndiwo m'mbali mwa msewu wa Los Angeles mu Lusaka, omwe sanafunsidwe.)

Anyamata a laputopu amachita zomwezo mwaukhondo. Amalumikiza chingwe pansi pa chiwongolero, n'kulemba pulogalamu ina m'kompyuta ya galimoto: mafuta ambiri, turbo yopopa kwambiri, nthawi zina kutseka valavu ya EGR yobwezera utsi mu injini. Pa injini ya turbo mphamvu imabweradi, chifukwa mpweya nawo umakwera. Koma kalachi, giyabokosi ndi rediyeta zimakhala zomwe zija, ndipo pulogalamu yokopera pa intaneti inalembedwera galimoto ya kwina, yosanyamula matumba 30 a simenti. Amene wasankha njirayi aumirire kuti pulogalamu yoyambirira isungidwe pa fulashi yake, ndipo ngati galimoto ikadali pa galanti adziwe kuti angaitaye.

Mavaneti ambiri amene "sakukoka" amachira ndi zinthu zotsika mtengo. Fumbi la mu Ogasiti limatseka fyuluta ya mpweya m'masabata ochepa. Madzi a m'zithaphwi za Kanyama amalowa m'mabuleki akumbuyo, n'kuwachititsa dzimbiri mpaka kumagwira okha. Manozo otha amadontha m'malo mopopera, mavalavu amafuna kupimidwa, matayala amayenda ndi mpweya wochepa pansi pa katundu wolemera. Zonsezi zikakonzedwa, galimoto iyesedwe itasenza katundu wake wa masiku onse, pachitunda, masana dzuwa likuswa mtengo, makanika atakhala kutsogolo, wayilesi itazimitsidwa.