Kulumikiza Makina Akale a Masewera ku TV Yamakono

Achimwene anga posamuka anandisiyira makina atatu a masewera: Sega Mega Drive, Nintendo 64 ndi PlayStation 2. Tsono TV yathu yatsopano ili ndi mabowo a HDMI okhaokha, pamene makinawa amatulutsa chithunzi m'nthambo yachikasu, mawu m'nthambo yoyera ndi yofiira.

Kuchuluka kwa nthambo si nkhani. Pali kabokosi kosinthira komwe nthambo za makina onse zimalowamo, potulukira n'kukhala pamodzi. Ukafuna Sega umangodina batani lake.

Chovuta n'chakuti makinawa ndi TV sayankhula chiyankhulo chimodzi, choncho pamafunika womasulira. Mega Drive, yomwe inatuluka ku Japan mu 1988, imatumiza chithunzi cha mizere pafupifupi 240. Zipangizo zotchipa zosandutsa chithunzichi kuti chilowe mu HDMI zimachimva molakwika ngati cha mizere 480 yolukanalukana, ndipo zimayamba zachisunga kaye kuti zichikonze. Ine ndinagula choterechi. Chithunzi chinkaoneka mwachimbuuzi, ndipo ndikadina kuti Sonic adumphe, ankadumpha mochedwa n'kugwera m'dzenje. Pa masewera, womasulira wochedwa ngosathandiza.

Chomwe chinandithandiza ndi RetroTINK 2X, ngakhale mtengo wake ngoboola m'thumba. Imangobwereza mzere uliwonse kawiri n'kutumiza pompopompo. Imakhala pakati pa kabokosi kaja ndi TV, ndipo TV iyenera kuikidwa pa Game Mode.

Mfuti ya Time Crisis II yokha inakanika, poti imadalira mmene TV yakale imajambulira mizere yake. N'chifukwa chake TV yachimsana ija sindinaigulitse.