Madzi Sadziwa Malire a Munda

 Lero ndifuna tikambirane za kumvana, pakuti munda susungidwa ndi khasu lokha iai, koma ndi mtima wa mwini wake, ndiponso ndi m'mene akhalira ndi anansi ake.

Inu a ku Nkolokosa, Zingwangwa ndi Chilobwe mukhala pafupi ndi phiri la Soche, ndipo mudziwa kuti madzi a mvula sadziwa malire. Munthu wa kumtunda akalima mizere yotsetsereka, madzi athamanga nakagumula mizere ya mnzake wa kumunsi. M'mawa mwake awiriwo sapatsananso moni. Zoopsa zenizeni tinaziona m'mwezi wa March chaka cha 2023, pamene namondwe Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche, limene mitengo yake yambiri inali itadulidwa, ndipo anthu ambiri anafera m'nyumba zao.

Nkhani yosunga nthaka si yatsopano. M'chaka cha 1946 Boma la Nyasaland linaika lamulo losamala nthaka, ndipo itapita njala ya 1949 malamulo a malimidwe anakula mphamvu. Anthu analetsedwa kulima matutu, nauzidwa kukumba milambala ndi kulima mizere yopingasa. Wokana analipitsidwa ndalama kapena kuikidwa m'ndende. Nzeru yake inali yabwino, koma popeza inadza ndi chikakamizo anthu anadana nayo, ndipo mlangizi anasanduka mdani. Kukakamiza kutaleka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ambiri anangoisiya milambala ija kuti igumuke. Phunziro lake ndi ili: munthu sasintha maganizo chifukwa cha mantha. Asintha akamva chifukwa chake, naona ndi maso ake.

Tsono inu alimi chitani zinthu zitatu. Choyamba, pitani kwa mnzanu wa m'malire mvula isanadze, m'mwezi wa September kapena October, ndipo muyeze akalozera pamodzi kuti mizere ya minda iwiriyo ikomane. Bzalani udzu wa vetiva pa akalozerawo, ndi kutseka mizere ndi ngonyeka kuti madzi alowe pansi. Chachiwiri, madzi akakuonongerani mbeu musapite kwa mnzanuyo mtima uli m'mwamba. Gonani kaye, mupite m'mawa ndi munthu wamkulu mmodzi, ndipo muyambe ndi kufunsa, osati kutukwana. Chachitatu, musachite manyazi kuphunzira kwa wina, angakhale mwana kapena mai wamasiye, ngati chimanga chake chaposa chanu. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Kwa inu mafumu ndi anyakwawa mau anga ndi awa. Yambani ndi munda wanu, pakuti anthu atsata chimene achiona kwa mfumu koposa chimene achimva pa bwalo. Mlandu wa madzi musauweruze muli pansi pa mtengo. Nyamukani mukaone m'mene madzi anayendera, nimumve mbali zonse ziwiri. Wolakwa musam'chititse manyazi pa gulu, koma mumuuze akonze mizere pamodzi ndi wolakwiridwa, chifukwa anthu awa adzakhalabe oyandikana mpaka ana ao.

Mutu umodzi susenza denga. Mvula ya chaka chino ikupezeni mutagwirizana. Tsalani bwino.