Wi-Fi ikakana pa Linux, musafunse dzina la laputopu

Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, eni malaputopu akale ena anasamukira ku Linux, makamaka Ubuntu ndi Linux Mint. Makina amapepukadi. Koma pali ena amene akangoyatsa amapeza kuti Wi-Fi kulibe, basi n'kuyamba kunyoza Linux.

Kawirikawiri vuto limakhala draiva, kapulogalamu kamene kamamvanitsa kompyuta ndi kachipangizo kogwira Wi-Fi. Anthu amasochera chifukwa amafufuza dzina la HP kapena Dell, pomwe makampaniwa sapanga kachipangizoko. Amakagula kwa Intel, Realtek, Broadcom, MediaTek kapena Qualcomm Atheros, moti malaputopu awiri ofanana kunja amatha kusiyana m'kati. Taonani kachipangizo kosomeka pa USB kotchedwa TP-Link TL-WN722N: koyamba kanali ndi Atheros AR9271, kotsatira kanabwera ndi Realtek, dzina pabokosi osasintha. Zili ngati kugula sipeyala poyang'ana utoto wa minibasi, injini osaitsegula.

Choncho ine ndimayamba ndi kufunsa makina eni ake. Tsegulani Terminal, lembani lspci -nn, kapena lsusb ngati kachipangizoko n'kosomeka pa USB. Mudzaona manambala awiri olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri. Yoyambayo ndi ya kampani: pa lspci, 8086 ndi Intel, 14e4 ndi Broadcom, 10ec ndi Realtek, 168c ndi Atheros. Yachiwiriyo ndi ya kachipangizo kenikeniko. Manambala amenewa ndiwo mukafufuze.

Mukapeza Intel, mwapulumuka, chifukwa draiva yake iwlwifi imabwera kale m'kati mwa Linux. Broadcom ndiye mutu waukulu. Pali madraiva angapo, b43, brcmsmac ndi wl, ndipo mukaika yolakwika imatsekereza yoyenera. Pa Ubuntu pitani pa Additional Drivers muone imene akupatsani musanayambe kutola malangizo paliponse. Draiva ya wl simungaisinthe, Broadcom anaitsekera, ndipo Secure Boot, chitetezo cha poyatsa kompyuta, ikakhala yoyatsa imatha kuikana mwakachetechete.

Mufunsa kuti mutsitsa bwanji draiva pomwe intaneti yomweyo mulibe. Lumikizani foni ndi waya wa USB, yatsani USB tethering, mugwiritse bandulo yanu kwa mphindi zochepa. Debian, mtundu wina wa Linux, anachepetsako chipsinjo chimenechi mu 2023, pamene Debian 12 inayamba kubwera ndi firmware yotsekedwa, timapulogalamu timene tizipangizoti timafuna, pomwe mukuika.

Musanalimbane ndi zonsezi, lembaninso rfkill list kuti muone ngati Wi-Fi yazimitsidwa. Malaputopu ena akale ali ndi kabatani kozimitsira Wi-Fi m'mbali, ndipo kakakhudzidwa m'chikwama, draiva iliyonse singathandize.

Zikakanika ndithu, sindilimbikitsa kugona usiku wonse pa Broadcom. M'malaputopu ambiri akale kakhadi ka Wi-Fi kamachoka ndi sikuluu imodzi, ndipo ka Intel kakale sikavuta kupeza kwa okonza makompyuta. Chenjerani chabe ndi ma ThinkPad ndi ma HP ena akale amene amakana khadi lachilendo. Ngati mukugula ka USB, nyamulani laputopu, mukakasomeke pomwepo m'shopu, ndalama mupereke Wi-Fi itaoneka.