Kodi mumadziwa? Supuni imodzi ya mpunga imalemera bwanji

Kwa Kanduku ku Mwanza, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga mumaugula pa kilo, koma kukhitchini kulibe sikelo. Mayi amadalira supuni ndi kapu basi. Supuni yaikulu ya mamililita 15, yodzaza mosalaza pamwamba ndi chala, imanyamula mpunga wosaphika wolemera pafupifupi magalamu 12. Mukadzaza mpaka kuchita kamulu, muyesowo wasokonekera kale.

Kapu ya mamililita 250 imalowa masupuni 16 kapena 17, omwe ndi pafupifupi magalamu 200. Choncho kilo imodzi ndi makapu 5. Mpunga ukapsa umakhala utamwa madzi ambiri, moti kapu imodzi ija imafufuma n'kulemera pafupifupi magalamu 600, okwanira anthu atatu pakakhala ndiwo zabwino.