Imfa ya shehe wa ku Cape Town, ndi mnyamata wa kudoko yemwe alibe kothawira

Pa 15 February 2025 anthu obisa nkhope anaombera ndi kupha Muhsin Hendricks ali m'galimoto ku Bethelsdorp, pafupi ndi mzinda wa Gqeberha ku South Africa. Anali ndi zaka 57. Nkhani za ku Joni sizichedwa kufika kuno ku Chipoka, poti mabanja ambiri ali ndi mwana kapena mlamu kumeneko, koma iyi anthu ankaikamba motsitsa mawu.

Hendricks anali shehe. Anabadwira ku Cape Town, pakati pa Asilamu omwe ambiri mwa makolo awo anabwera nawo Adatchi kuchokera ku Asia ngati akapolo. Anakaphunzira Chisilamu ku Karachi, m'dziko la Pakistan, anakwatira, anabereka ana atatu. Mu 1996 anaulula poyera kuti mtima wake umakopeka ndi amuna anzake. Anthu anayembekezera kuti achoka m'chipembedzo. Iye sanachoke. Anayambitsa gulu lotchedwa The Inner Circle, lothandiza Asilamu amene ali ngati iye, ndipo pambuyo pake anatsegula mzikiti ku Wynberg, komwe munthu wokanidwa kwawo ankatha kuswali popanda kufunsidwa mafunso pakhomo.

Akuluakulu a Chisilamu kumeneko sanagwirizane naye konse. Bungwe la Muslim Judicial Council linamudzudzula kwa zaka zambiri. Komabe ataphedwa, bungwe lomwelo linadzudzula kuphedwa kwakeko. Apa ndi pomwe ndikufuna owerenga anzanga aime pang'ono: anthu omwe amakana chiphunzitso chake anatha kunena poyera kuti kumupha n'kulakwa.

Kwathu kuno lamulo ndi lolimba. Gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 kundende, ndipo mu 2011 anawonjezera gawo 137A lokhudza akazi okhaokha, la zaka zisanu. Ambiri timakumbukira Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, omwe anamangidwa mu December 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre. Anagamulidwa zaka 14, kenako Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mu May 2010. Mlandu wapafupi ndi ife ndi wa Jana Gonani, yemwe khothi la ku Mangochi linamugamula zaka 8 mu December 2021. Iye ndi Jan Willem Akster, nzika ya ku Netherlands, anapempha khothi loona za malamulo oyendetsera dziko kuti lichotse gawo 153. Mlandu uli mkati, mu July 2023, mipingo ndi Asilamu anayenda limodzi m'misewu kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Pa 28 June 2024 khothi linakana pempholo.

Mabungwe oyankhulira anthuwa alipo. CEDEP yakhala ikugwira ntchito yopewa HIV pakati pa amuna ogonana ndi amuna anzawo, ndipo Nyasa Rainbow Alliance inachititsa ulendo wa m'misewu ya Lilongwe mu June 2021. Sindikunyoza ntchito yawo. Koma chilankhulo chawo ndi cha ufulu wachibadwidwe, cha maloya ndi misonkhano ya m'mahotela, nthawi zambiri m'Chingerezi. Mnyamata wa kudoko yemwe anakulira ku madrasa, amene amayanika usipa ndi amalume ake, funso lake loyamba si la gawo 153. Funso lake ndi lakuti kodi Mulungu akumufunabe, ndipo amayi ake akadziwa adzagona kuti. Loya sangayankhe zimenezo. Shehe angayankhe, koma mnyamatayo sangayerekeze kumufunsa.

Mpata umenewu ndi womwe Hendricks anaimapo, ndipo ndi womwe kuno kunyanja uli wopanda munthu.

Wina anena kuti izi ndi za azungu, kwathu kulibe. Mphunzitsi aliyense amene wakhala m'kalasi zaka zingapo akudziwa kuti alipo. Pali mnyamata amene anzake amamuseka kayendedwe ndi mawu, amamutcha wamathanyula kuyambira folomu 1, ngakhale palibe amene anamuona akuchita kanthu. Amayamba kujomba, kenako dzina lake limazimiririka m'kaundula. Ena amathawira ku Joni, osati kokha chifukwa cha umphawi. Ena amawakakamiza ukwati kuti manyazi achoke pakhomo, ndipo apo tavulaza anthu awiri, chifukwa mtsikana wokwatiwayo naye ndi mwana wa eni.

Palinso za matenda. Kumadoko kumadutsa anthu ambiri, asodzi, ogula nsomba, oyendetsa magalimoto, ndipo HIV sifunsa chipembedzo. Munthu amene akuopa kuti akafotokoza zoona kuchipatala mawa mudzi wonse udziwa, sapitako. Sayezetsa, salandira ma ARV, ndipo ngati anamukwatitsa mokakamiza, kachirombo kamafika kwa mkazi ndi kwa khanda.

Sindikupempha mashehe athu kuti asinthe zomwe amakhulupirira, ndipo kudalitsa maukwati sindikukutchula n'komwe. Ndikupempha chaching'ono, chomwe anzawo a ku Cape Town anachita maliro atagwa, koma ife tichite munthu akadali moyo. Pa ulaliki wa Lachisanu, shehe anene momveka kuti palibe amene ali ndi chilolezo chomenya, kugenda kapena kuthamangitsa mwana wa mnzake chifukwa cha mphekesera. Abusa anene chimodzimodzi Lamulungu. Mawu a shehe kuno amalemera kuposa chikalata chilichonse chochokera ku Lilongwe.

Nawo mabungwe aja, akafuna kufika kunyanja, asayambe ndi zikwangwani. Akhale pansi ndi mashehe, anyakwawa, alangizi a zaumoyo ndi makomiti a sukulu, ndipo nkhani yoyamba ikhale iyi: mnyamata akamenyedwa kudoko usiku, angapite kwa ndani kukamangitsa bala popanda iyeyo kusanduka woimbidwa mlandu?