Ku mathithi a Bua ndinabwerako kabudula ali wouma

Ndinabadwira ku Liwaladzi, ndipo madzi sindiwaopa. Kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa, tikudumphira m'nyanja kuchokera pa bwato la amalume. Tsono mnzanga atandiuza kuti tikaone mathithi a Bua m'nkhalango ya Nkhotakota, choyamba kulowa m'chikwama chinali kabudula wosambirira. Bua ndimamuwoloka pa mlatho wa msewu wa M5 nthawi zonse popita ku boma, koma kumtunda kwake ndinali ndisanapondeko. Za pakhomo timakonda kusiyira alendo.

Tinapita mu Julayi, mwera ukuwomba. M'nkhalangomu simuyenda nokha. Pachipata mumalipira, ndipo Amalawife mtengo wathu ndi wotsika poyerekeza ndi wa alendo akunja, kenaka mumapatsidwa wa gemu wonyamula mfuti. Ndinkaona ngati n'zongokometsera mpaka titapeza ndowe za njovu zikadali zofunda pakati pa kanjira. Nkhalangoyi ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 1,800. Opha nyama mozembera anatha njovu kuchoka pa 1,500 kufika posakwana 100, kufikira bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowa pamodzi ndi boma mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 anabweretsa njovu pafupifupi 500 pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ife timazidziwa bwino: zikathyola mpanda, chinangwa chomwe zimadya ndi chathu.

Wa gemu uja anangoyang'ana malaya anga abuluu n'kupukusa mutu.

"Achimwene, akashembetu mwawaitana nokha."

Sanalakwe. Kashembe amakopeka ndi mtundu wabuluu ndi wakuda, n'chifukwa chake nsalu zomutchera zimakhala za mitundu imeneyi. Amaluma n'kuboola malaya, ndipo ena amafalitsa kaodzera. Ndinayenda ndikudzipiza ndi nthambi ya msuku ngati ng'ombe yopanda mchira.

Mathithi tinayamba kuwamva tisanawaone. Kunena zoona, si aatali ngati Manchewe wa ku Livingstonia amene amagwa mamita 125. A Bua ndi amphamvu chabe. Mtsinje umene wayenda ulendo wonse kuchokera ku Mchinji umapanikizika pakati pa matanthwe, n'kudzikhuthula ndi thovu loyera ngati ufa wa kondoole. Pansi pake panali dziwe lobiriwirako, lachete chakumbali, lokopa munthu amene thukuta lamutsika mpaka m'nsapato. Ndinayamba kumasula mabatani.

"Mukufuna kutani kodi?"

"Ndine wa kunyanja ine, bwana."

Sanaseke. Anandilozera tsidya lina, pa mchenga, pomwe panali chinthu chomwe ndinkachiyesa chikuni. Ndinachiyang'ana kwa nthawi. Chikunicho chinayasamula.

Ng'ona pambali, anandifotokozera zina zimene nyanja sinandiphunzitse. Mafunde a mwera umawaona akubwera, umadziwa powadumphira. Madzi a pansi pa mathithi amazungulira chamkati, n'kumabwezera munthu pomwe akugwera. A thovu aja ndi odzaza mpweya, sanyamula thupi monga amachitira madzi wamba, ndiye ngakhale katswiri amangotitimira. Miyala ili ndi ndere, poponda pamaterera. Ndipo m'dzinja mvula ikagwa ku Kasungu, mtsinje ungathe kudzaza kuno dzuwa lili phwee.

Tinakhala pa thanthwe tikudya mbatata yootcha, n'kumakamba za mpasa. Nsomba imeneyi imakulira m'nyanja koma imakwera mitsinje kukaswana pa miyala ing'onoing'ono ya m'madzi oyera, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene yatsala ikuilandira bwino. Apa m'pamene ndinachita manyazi. Ndili mwana ndinkathandiza kutchera maukonde pafupi ndi pomwe mtsinje umathira m'nyanja, nthawi yomwe mpasa ukukwera, mimba zili zodzaza mazira. Tinkati ndi mwayi. Lero tikudandaula kuti mpasa ukusowa pamsika, ngati kuti unasamuka wokha.

Amene akufunitsitsa kusamba pansi pa mathithi, ku Mulanje kuli Dziwe la Nkhalamba pa mtsinje wa Likhubula, kopanda ng'ona, madzi ozizira mpaka mano kugundana. Komabe nakonso anthu amirapo. Kwa Bua pitani ndi nsapato zogwira, malaya a khaki, madzi akumwa okwanira, ndipo mulawire.

Tinafika ku Liwaladzi dzuwa litapendeka, asodzi a usipa akukonza nyali. Ndinatsikira kudooko n'kudziponya m'madzi kuti zilonda za kashembe zizizire. Amalume, amene tsopano maso awo achita khungu pang'ono, anandizindikira ndi mawu.

"Nanga mathithi aja, mwasambako?"

Ndinati madzi ake anali ozizira kwambiri.